Daniel Kachamba, bandi ya munthu mmodzi

Nditamva Daniel Kachamba koyamba pa wailesi ya agogo, ndinkayesa akuimba anthu atatu. Ayi ndithu, anali yekha: zala pagitala, hamonika kukamwa, chisekese nachonso chikulira.

Mkuluyu anabadwa mu 1947. Kwela anakaitola ku Harare, komwe banja lawo linkakhala, n'kubwera nayo kwawo kwa Singano ku Chileka. Mu 1967 Gerhard Kubik wa ku Austria anamupeza akuimba mu Blantyre ndi mng'ono wake Donald, ndipo pasanathe zaka zambiri gitala ija inakamveka ku Ulaya. Anatisiya mu 1987.

Zambiri zomwe Kubik anamujambula zikusungidwa ku Vienna. Koma kuno, nditatchula dzinali kwa mphwanga, amene foni yake yadzaza amapiano, anandifunsa ngati ankasewera mpira.