Leonard Kamungu, Wansembe wa ku Nyanja Amene Anagona ku Msoro

Pa 27 Febuluwale caka ciliconse abale athu a Anglican amakumbukira Bambo Leonard Mattiya Kamungu, amene anamwalira pa tsikuli mu 1913 ku Msoro. Kuno ku Minga, ku Petauke ndi ku Nyimba, tikamakamba za mmene Mau a Mulungu anafikira kwathu timayamba ndi azungu: Adachi a ku Magwero mu 1899, a ku Nyanje mu 1905, a ku Hofmeyr mu 1914. Sikulakwa. Koma pakati pa oyambawo panali munthu wakuda, Mcewa wa m'mbali mwa nyanja, amene ambiri a ife sitinamvepo dzina lake.

Kamungu anabadwa mu 1877 ku Chia, kumwera kwa Nkhotakota. Masiku amenewo Nkhotakota linali doko la akapolo. Jumbe, mfumu ya Ciswahili ya pamenepo, anali kusonkhanitsa anthu ndi minyanga, ndipo njira za malonda akewo zinafika mpaka ku cigwa ca Luangwa. Ogwidwawo anali kuwaolotsa nyanja pa zombo, tsidya linalo n'kuyamba ulendo wapansi wa ku Kilwa, popita ku Zanzibar. Mwana aliyense wa ku Chia anakula akudziwa kuti wopita ku Zanzibar sabwerera.

Kamungu anapita ku Zanzibar komweko, nabwerera. Amene anamutumiza ndi amishoni a UMCA, bungwe limene linabadwa poyankha pempho la David Livingstone ku Cambridge mu 1857. Zinthu zitawavuta ku Magomero, amishoniwa anasamukira ku Zanzibar mu 1864. Kumeneko anamanga chalichi cacikulu pamalo pamene panali msika wa akapolo, natsegula sukulu ya Kiungani ya anyamata omasulidwa ku ukapolo. Atakhazikika pa cisumbu ca Likoma mu 1885, anayamba kutumiza ku Kiungani anyamata anzeru a ku nyanja, ndipo Kamungu anali mmodzi wa iwo. Anapitiriza maphunziro a zaumulungu pa koleji ya St Mark, nadzozedwa udikoni mu 1902. Anatumikira ku Lungwena pakati pa Ayao, ambiri a iwo Asilamu, pambuyo pake ku Nkhotakota kwao, ndipo mu 1909 anadzozedwa unsembe.

Apa tiime pang'ono, cifukwa ndi pamene pali nkhani. Pa Macitidwe 17 mtumwi Paulo anauza anthu a ku Atene kuti mitundu yonse inacokera mwa munthu mmodzi, ndi kuti nyengo ndi malire a mtundu uliwonse anaika ndi Mulungu, kuti anthu amufunefune. Ena amawerenga mau amenewa ngati kuti ciliconse cimene cagwera mtundu n'cokondweretsa Mulungu. Ine ndikana. Ukapolo unali chimo, ndipo magazi amene anakhetsedwa pa njira ya ku Kilwa Mulungu adzawafunsa. Cimene tiona n'cofanana ndi nkhani ya Yosefe pa Genesis 50: abale anapanga coipa, naciyankhira okha, koma Mulungu sanalole kuti coipaco cikhale mau otsiriza. Mzinda umene unameza ana a anthu ambiri unabweza mwana wa ku Chia ali ndi Baibulo m'manja.

Mu 1910 Anglican inakhazikitsa dayosisi ya Northern Rhodesia, ndipo bishopu woyamba anali John Edward Hine, amene kale anatumikira ku Likoma ndi ku Zanzibar. Anchito analibe. Kamungu anasiya mpingo wa kwao, kumene anali kudziwika ndi kulemekezedwa, nabwera ku Msoro mu 1911, pa mtsinje wa Lupande, m'dziko la Akunda. Caka comweco kampani ya British South Africa inalumikiza zigawo zake ziwiri kukhala dziko limodzi. Kampaniyo inali kufuna msonkho ndi amuna a kumigodi ndi kumapulazi. Malire amene azungu anajambula anapatula Acewa, Angoni ndi Ansenga kwa abale ao a ku Nyasaland ndi a ku Mozambique. Kamungu anadumpha malire omwewo kudzafuna anthu.

Amene anafikako ku Msoro mwezi wa Okutobala adziwa kutentha kwake, ndi mmene msewu umakhalira mvula ikagwa. Munthu wozolowera mphepo ya kunyanja ndi nsomba anayenda wapansi m'midzi ya kumeneko, kutsegula masukulu, kuika aphunzitsi, kuphunzitsa akalasi ndi kubatiza Akristu oyamba. Panalibe mzungu womuyang'anira tsiku ndi tsiku, cinthu cosowa kwambiri m'zaka zimenezo.

Sikuti onse anamulandira. Amishoni a Dutch Reformed anaona kuti dera limeneli n'lao, ndipo kubwera kwa Anglican kunabutsa mkangano wa malire a masukulu. Ife a Reformed ndi a Anglican, amene lero tikhala pa bwalo limodzi la mipingo, tiyenera kuivomereza mbiriyi mosabisa. Mipingo inali kugawana midzi ngati minda.

Anatumikira ku Msoro zaka ziwiri cabe. Anamwalira asanakwanitse zaka 40, ndipo anthu ambiri amakhulupirira kuti anapatsidwa poizoni. Nchito yake siinafe naye. Kucokera ku Msoro inafalikira m'midzi ya Ansenga ca kuno kwathu, ndipo mmishoni wina wa UMCA, A. S. B. Ranger, anatulutsa buku la galamala ya Cinsenga mu 1928. Caka cotsatira, mu 1929, Adachi nawo anadzoza mbusa wao woyamba wakuda m'dziko lino, Justo Mwale.

Cimene cimandivutitsa mtima n'cakuti lero sinodi kapena bishopu akatumiza mbusa wa mtundu wina, kumamveka manong'onong'o akuti sadziwa Cinsenga, si mwana wa kuno, sadzamvetsa miyambo yathu. Nthawi ya masankho mau omwewa amalowa m'kwaya ndi m'cigwirizano ca amai, n'kukhalamo ngakhale mavoti atawerengedwa kale. Akunda a mu 1911 akanafuna, akananena zomwezo za Kamungu, pakuti cilankhulo cake cinali ca kunyanja ndipo maphunziro ake anali a m'Ciswahili ndi Cingelezi. Ambiri anamumvera, nampatsa ana ao kuti awaphunzitse.

Ku Msoro kumene anagona kuli lero chalichi cacikulu ca St Luke, mpando wa dayosisi ya Anglican ya Kum'mawa kwa Zambia. Ku Malawi, ansembe a Anglican amaphunzira ku Zomba pa koleji yochedwa ndi dzina lake.