Lucy Wills: dokotala amene kafukufuku wake akuteteza msana wa ana osabadwa

Mayi aliyense woyembekezera akapita kusikelo amapatsidwa mapiritsi owonjezera magazi. M'mapiritsi amenewa muli ayironi ndi folic acid. Amene anatsegula njira yopezera folic acid anali dokotala wa ku England, Lucy Wills, ndipo kafukufuku wake anayambira pa amayi osauka a ku India omwe ankamwalira ali ndi pakati.

Lucy Wills anabadwa pa 10 May 1888 ku Sutton Coldfield, pafupi ndi mzinda wa Birmingham. Mu 1907 analowa koleji ya Newnham ku Cambridge komwe anaphunzira za zomera ndi miyala. Mayeso anakhoza, koma digiri sanalandire chifukwa nthawi imeneyo yunivesiteyi inkapereka madigiri kwa amuna okha. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itayamba mu 1914, iye anali ku South Africa ndipo anadzipereka kusamalira odwala pachipatala china ku Cape Town. Atabwerera kwawo analowa sukulu ya udokotala ya amayi ku London ndipo anamaliza mu 1920.

Mu 1928 anapita ku Bombay, mzinda womwe lero ukutchedwa Mumbai. Kumeneko amayi ambiri oyembekezera, makamaka ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu, ankadwala matenda oopsa a kuchepa kwa magazi. Ankafooka, kutupa, ndipo ena ankamwalira. Poyamba Wills anafufuza ngati gwero lake linali tizilombo, koma sanapeze umboni. Kenako anayamba kulemba zomwe amayiwo ankadya, n'kudyetsa makoswe ndi anyani chakudya chofanana nacho. Nyamazo nazo zinachepa magazi. Atazipatsa yisiti, zinachira.

Panali chakudya china chotsika mtengo chopangidwa kuchokera ku yisiti, chopaka pabuledi, chotchedwa Marmite. Wills anapatsa amayi odwalawo chakudyachi ndipo magazi awo anabwerera. Zotsatirazi anazifalitsa mu 1931. Chinthu chochiritsacho chinali chisanadziwike, moti asayansi anayamba kuchitcha ndi dzina la Wills. Mu 1941 akatswiri a ku America anachipeza m'masamba a sipinachi ndi kuchipatsa dzina loti folic acid, kuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza tsamba.

Wills anapitiriza ntchito pachipatala cha Royal Free ku London mpaka anapuma mu 1947. Pambuyo pake anakafufuzanso za kadyedwe ndi magazi ku South Africa ndi ku Fiji, ndipo m'zaka zake zomaliza anali khansala ku Chelsea. Anamwalira mu April 1964 ali ndi zaka 75.

Iye ankalimbana ndi vuto la magazi a mayi. Zoti vitamini yemweyu amatetezanso msana wa mwana zinatsimikizika iye atamwalira kale. Kuti timvetse, tiyenera kuona zomwe zimachitika m'masabata oyambirira a mimba.

Mu sabata yachitatu kuchokera pomwe mimba yakhala, kumsana kwa mluza kumapangika kachikopa kopyapyala. Kachikopaka kamapindika m'mbali zonse ziwiri n'kukumana pakati, n'kupanga kapaipi komwe kadzakhale ubongo ndi mtsempha waukulu wa msana. Kapaipika kamayenera kutsekeka pofika tsiku la 28, mluza usanakule kuposa njere ya mpunga. Pa ntchito imeneyi maselo amagawikana mofulumira kwambiri, ndipo kuti agawikane bwino amafunika folic acid.

Mafupa amabwera pambuyo. Cha m'sabata yachisanu ndi chimodzi, mafupa a msana, manja ndi miyendo amayamba ngati chicherewecherewe, chofewa ngati cha khutu kapena nsonga ya mphuno. Kuyambira sabata yachisanu ndi chiwiri kapena yachisanu ndi chitatu, chicherewecherewecho chimayamba kulowedwa m'malo ndi fupa lolimba, ndipo ntchitoyi imapitirira mpaka munthu atapitirira zaka 20. Mafupa a msana amakula mozungulira kapaipi kaja ngati mpanda. Ngati kapaipiko sikanatsekeke, mafupawo nawo sakumana, ndipo pamsana pamatsala mpata. Mwana amabadwa ndi chotupa kapena bala pamsana, vuto lomwe madokotala amati spina bifida. Ana ambiri otere amavutika kuyenda, kusunga mkodzo ndi chimbudzi, ndipo ena mutu umakula chifukwa cha madzi.

Mu 1991 bungwe la Medical Research Council la ku Britain linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa amayi oposa 1,800 omwe anali atakhalapo ndi mimba ya vuto lotere. Kwa amene anamwa folic acid kuyambira asanatenge mimba ina, chiopsezo choti vutolo libwerenso chinatsika ndi 72 peresenti. Lero bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza mayi kumwa mamaikurogalamu 400 tsiku lililonse kuyambira pomwe akufuna kutenga mimba.

Apa ndi pomwe pali vuto kwa ife. Tsiku la 28 limakwana patangopita pafupifupi sabata ziwiri mayi ataphonya kusamba. Ambiri amakhala asanadziwe kuti aima, ndipo ena amabisa mimba mpaka itaonekera. Mayi woyamba sikelo pa miyezi inayi amapindulabe ndi mapiritsi pa nkhani ya magazi, koma msana wa mwana umakhala utapangika kale.

M'madera ngati Bowe ku Dowa ndi m'mapiri a ku Ntchisi, mabanja ambiri amadya nsima ya ufa wogayitsa okha kuchigayo, womwe suwonjezeredwa mavitamini. Mwayi ulipo ndi woti zakudya zokhala ndi vitaminiyu zimalimidwa konko: nyemba, mtedza, soya, bonongwe, nkhwani ndi khwanya. Masamba musawaphike nthawi yaitali, ndipo msuzi wake musataye chifukwa vitaminiyu amasungunukira m'madzi. Komabe chakudya chokha nthawi zambiri sichikwanira, n'chifukwa chake mapiritsi amafunika.

Ngati banja likuganiza zokhala ndi mwana, pitani kuchipatala chapafupi mukafunse za folic acid mimba isanakhale. Mukangophonya kusamba, yambani sikelo osadikira. Mayi amene anaberekapo mwana wa vuto la msana, kapena amene amamwa mankhwala a khunyu, auze dokotala msanga chifukwa angafunike mlingo wokulirapo. Ndipo mwana akabadwa ndi chotupa pamsana, si ufiti kapena tchimo la mayi. Musapakepo mankhwala alionse. Thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo kuti amutumize ku chipatala chachikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe, chifukwa opaleshoni yochitika m'masiku oyambirira imateteza mwanayo ku matenda olowera pabalapo.