INKOSI GOMANI WACIWIRI: MFUMU IMENE INAKANA MALAMULO A MALIMIDWE

Akulu-akulu a ku Zemba ndi midzi ina ya m'boma la Chadiza akali kukumbukira masiku a atsamunda, pamene mlangizi wa zaulimi anali kuopedwa monga msilikali, ndipo munthu anali kuzengedwa mlandu cifukwa ca migula ya m'munda mwace. Ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi, nkhani yomweyi inagwetsa mfumu yaikuru ya Angoni a kwa Maseko, Inkosi Philip Gomani.

Gomani anabadwa m'caka ca 1893. Ali ndi zaka zitatu, mu 1896, asilikali a Angerezi anapha atate wace, Gomani Woyamba, mwana wa Chikuse. Mwanayo anakula wamasiye, nalowa mpingo wa Seventh Day Adventist, ndipo mu 1921 analongedwa ufumu m'dziko la Ntcheu. Likulu lace linali pa Lizulu, m'malire ndi Apwitikizi. Kwa zaka zambiri boma linamuyesa mfumu yomvera ndi yokonda citukuko.

Dziko la Ntcheu ndi la mapiri. Anthu atacuruka, nadula mitengo, nalima m'matsitso, madzi a mvula anayamba kukokolola nthaka ndi kukumba zigwembe. Pa ici alangizi a boma sananame. Mu 1946 boma linaika lamulo loteteza nthaka, ndipo itapita njala ya 1949 linaumitsa dzanja. Mlimi aliyense anayenera kuunda mizere yopingasa phiri, kukumba migula, kuleka matutu ndi kutalikira magombe a mitsinje. Wolephera analipitsidwa ndarama kapena kuponyedwa m'ndende, ndipo ena anawazulira mbeu zao.

Koma mtolo umenewu unagwera yani? Migula inali kukumbidwa m'cilimwe, nthaka ili gwa, ndipo m'midzi yambiri amuna anali ku migodi ya ku Joni ndi ku mapulazi a ku Southern Rhodesia. Khasu linatsalira amai ndi nkhalamba. Nthawi yomweyo minda yaikuru ya ku Thyolo ndi Mulanje inali m'manja mwa Azungu owerengeka, pamene eni dziko anapanikizana pa malo otsala. Anthu anaona kuti boma limene linawamana malo ndilo linali kuwalanga cifukwa cotopetsa malo ocepawo. Ndipo milandu ya malimidwe inali kuweruzidwa m'mabwalo a mafumu, kotero kuti cidani ca anthu cinayamba kufika pa khomo la mfumu.

Mu 1953 Angerezi anatsimikiza zomanga Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, eni dziko akukana. Cipani ca Nyasaland African Congress cinapempha anthu kuti aleke kugwirizana ndi boma, koma popanda ciwawa. M'mwezi wa May, Gomani, amene panthawiyo anali wodwala ndi wofooka thupi, analengeza kuti anthu ace asamvere malamulo a malimidwe, a nkhalango ndi a ziweto. Sanatero poyesa kuti nthaka sikokoloka. Malamulo amenewa ndiwo anali dzanja la boma limene mlimi anali kulimva tsiku ndi tsiku, ndipo mfumuyo inasankha kugwira dzanja lomwelo.

Bwanamkubwa Geoffrey Colby anamuimitsa pa ufumu, nalamula kuti acoke m'dziko la Ntcheu. Apolisi atafika pa Lizulu kudzamtenga, khamu la anthu linawatsekereza. M'cipwirikiti cimeneco Gomani anaoloka malire kulowa m'dziko la Apwitikizi pamodzi ndi mwana wace Willard ndi Michael Scott, wansembe wa Anglican amene anachuka pomenyera ufulu anthu akuda a ku South Africa ndi Namibia. Apwitikizi anawabweza m'manja mwa Angerezi. Scott anapitikitsidwa m'dziko, ndipo mfumuyo, matenda atakula, inakagonekedwa ku cipatala ca mpingo wace ku Malamulo. Inamwalira pa 12 May 1954, ndipo inaikidwa pa Lizulu pamaso pa namtindi wa anthu.

Willard ndiye analowa m'malo mwace monga Gomani Wacitatu. Cipani ca Malawi Congress citapambana masankho a 1961, kukakamiza alimi ndi zilango kunatha, ndipo migula yambiri inalekeredwa nigumuka. Koma mizere yopingasa inatsala. Alimi a ku Ntcheu anapitiriza kuiunda okha, monga acitira alimi a ku Chadiza, ndipo madzi ofiira a dzinja anapitirizabe kutsika m'mapiri kunka ku mtsinje wa Shire.