Thomas Fuller

Thomas Fuller (1710–1790) anali munthu wa ku Africa amene anagwidwa ukapolo n'kukakhala ku Virginia, m'dziko la America. Ankadziwika ndi luso lowerengera masamu a manambala akuluakulu m'mutu, ngakhale kuti sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Chifukwa cha lusoli, anthu anamupatsa dzina lakuti Virginia Calculator.

Moyo wake

Fuller anabadwira kumadzulo kwa Africa cha m'ma 1710. Mu 1724, ali ndi zaka 14, anatengedwa kupita ku America. Anakhala kapolo wa banja la Presley ndi Elizabeth Cox, alimi a kufupi ndi tauni ya Alexandria, ndipo ankagwira ntchito za kumunda. Malinga ndi zomwe anafotokozera alendo, masamu anadziphunzitsa yekha: ankawerenga zinthu monga ubweya wa kumchira wa ng'ombe ndi njere za tirigu.

Mayeso a 1788

Mu 1788, William Hartshorne ndi Samuel Coates, a gulu lolimbana ndi ukapolo ku Pennsylvania, anapita kukamuyesa. Poyamba anamufunsa kuti m'chaka chimodzi ndi theka muli masekondi angati. Patangotha mphindi pafupifupi ziwiri anayankha kuti 47,304,000. Yankholi ndi lolondola, chifukwa tsiku limodzi lili ndi masekondi 86,400, ndipo chaka ndi theka ndi masiku 547 ndi theka.

Funso lachiwiri linali la masekondi amene munthu wa zaka 70, masiku 17 ndi maola 12 wakhala ali moyo. Fuller anapeza 2,210,500,800 pa mphindi imodzi ndi theka. Mmodzi wa alendowo, amene ankawerengera papepala, anapeza nambala yocheperapo n'kunena kuti Fuller walakwa. Koma wolakwa anali mlendoyo, chifukwa anaiwala zaka zokhala ndi masiku 366. Zaka zoterezi zimawonjezera masiku 17 pa zaka 70, motero masiku onse amakwana 25,584 ndi theka. Atawawonjezera, mayankho awiriwo anafanana.

Kufunika kwake

Nthawi imeneyo anthu oikira kumbuyo ukapolo ankanena kuti anthu akuda alibe nzeru zofanana ndi za azungu. Dokotala Benjamin Rush wa ku Philadelphia analemba nkhani ya Fuller pofuna kutsutsa maganizo amenewa, ndipo inafalitsidwa mu 1789. Wansembe wa ku France, Henri Grégoire, nayenso anamutchula m'buku lake la mu 1808 lonena za luso ndi nzeru za anthu akuda.

Kutchukaku sikunamumasule. Fuller anamwalira mu 1790 ali ndi zaka pafupifupi 80, akadali kapolo. Ukapolo unathetsedwa mwalamulo m'dziko lonse la America mu 1865, patapita zaka 75 iye atamwalira.