Helene Mayer, Katswiri wa Lupanga

Anzanga a ku Madisi, ambirife masewera olasana ndi malupanga timangowaonera m'kanema, komabe nkhani ya Helene Mayer imandikhudza. Mayiyu anabadwira ku Offenbach, m'dziko la Germany, mu 1910. Ali ndi zaka 17 zokha, anapata mendulo yagolide pa Olimpiki ya ku Amsterdam mu 1928. Mu 1932 anatsalira ku California kuti aphunzire. Chaka chotsatira Hitler analowa m'boma, ndipo kalabu ya kwawo inamuchotsa Mayer chifukwa bambo ake anali Myuda. Anakhazikika ku America, n'kumatenga chikho cha dzikolo mobwerezabwereza kuyambira 1934.

Povuta m'pa 1936. Boma lomwe linamukana lija linamuitana kuti akaliimire ku Berlin, pofuna kutseka pakamwa maiko amene ankaopseza kunyanyala masewerawo. Anavomera, anapata mendulo yasiliva, n'kukweza dzanja monga ankachitira otsatira Hitler. Ambiri amamudzudzula. Ine amene ndinakula m'nthawi ya makhadi a chipani sindifulumira kutero, pakuti mayi ake anali akadali ku Germany.

Anabwerera kwawo mu 1952, n'kumwalira ndi khansa mu 1953.