Moyo wa Dr Donald Fraser, Cisekeseke wa ku Loudon

Pokondwerera Jubili ya mishoni yathu ya Embangweni, m'nyengo yino ya kudikira kubadwa kwa Ambuye, tiyenera kukumbukira munthu amene anakhoma cikhomo coyamba pamalo pano.

Donald Fraser anabadwira ku Lochgilphead m'dziko la Scotland m'caka ca 1870, ndipo atate wace anali mbusa. M'caka ca 1896 ananyamuka kwao kudzagwira nchito ya Livingstonia Mission pakati pa Angoni. Anayamba kukhala ku Ekwendeni, kumene m'caka ca 1898 anamema msonkhano waukuru wa ubatizo ndi Mgonero, anthu zikwi nagona m'misasa. Pambuyo pace anasamukira ku Hora, ndipo m'caka ca 1902 anadza kuno, m'dziko la Inkosi Mzukuzuku. Malowa anachedwa Loudon pokumbukira Dr Loudon, bwenzi la David Livingstone.

Makolo athu anamucha Cisekeseke, pakuti nkhope yace inali ya kumwetulira. Sananyoza zathu, koma analimbikitsa ana a dziko lino, monga Mawelera Tembo ndi Peter Thole, kupeka nyimbo za Mulungu m'maimbidwe a makolo.

Koma cimene tifuna kucigwiritsa ndi ici: maso ace anapenya iwo akukhala kumbuyo. Anaona kuti akazi, makamaka nkhalamba ndi amasiye, analibe wowamvera m'bwalo la akulu a Mpingo, popeza onse anali amuna. Cotero m'caka ca 1901 anaika akazi okhwima m'cikhulupiriro, ochedwa balalakazi, kuti ayendere akazi anzao m'midzi. Mkazi wace, Dr Agnes Fraser, anasamalira odwala, ndipo nchito yace ndiyo muzu wa cipatala ca Embangweni.

M'caka ca 1922 anasankhidwa Moderator wa United Free Church of Scotland, ndipo m'caka ca 1925 anabwerera kwao. Anamwalira m'caka ca 1933. Koma mai Fraser anatenga phulusa la thupi lace nadzaliika kuno ku Loudon. Tsono iye adikira tsiku la kuuka kwa akufa pamodzi ndi makolo athu, m'dothi limodzi.

Abale, nyengo ya kudikira imatipeza mvula itagwa, mbeu ziri m'nthaka, nkhokwe ziri kutha. Ndiyo nyengo imene wamasiye amagona ndi njala, ndi denga lace lidontha. Tikaimba nyimbo za Jubili osamuona iye, tidzakhala tatamanda dzina la Cisekeseke ndi kutaya cowa cace. Mlimi adikira dzinthu ali ndi khasu m'manja. Momwemo ife, alaliki, akulu ndi akristu onse, tidikire Mwana wobadwira m'khola ndi lichero la ufa pamutu, ndi mtolo wa udzu paphewa, tirikulunjika ku khomo la waumphawi.