TUPAC SHAKUR, MNYAMATA WA MAU AKUTHWA

Tupac Amaru Shakur anabadwa pa 16 June 1971 ku Harlem, mu mzinda wa New York, ku Amereka. Mai wace, Afeni Shakur, anali wa m'gulu la Black Panther, lomwe linali kumenyera ufulu wa anthu akuda. Mwezi umodzi mwanayo asanabadwe, maiyo anapambana mlandu waukuru umene boma linamuimba. Dzina la mwanayo linatengedwa kwa mtsogoleri wina wa ku Peru amene anaukira Aspanya, naphedwa m'caka ca 1781.

Banja lao linali losauka ndithu, ndipo linali kusamukasamuka. Atafika ku Baltimore, Tupac analowa sukulu ya zaluso, kumene anaphunzira ndakatulo, kuvina ndi masewero a Shakespeare. Komweko anayamba kudziwika ndi rap, ndiko kulakatula mau msangamsanga motsata kugunda kwa ng'oma. Maimbidwe amenewa anayambidwa ndi acinyamata a ku Bronx, ku New York.

M'caka ca 1988 anasamukira ku California. Pa 1990 analembedwa nchito ndi gulu la oimba lochedwa Digital Underground. Nchito yace inali kunyamula katundu ndi kuvina pambuyo pa anzace, koma iye sanainyoze. Posacedwa anampatsa danga lakuimba, ndipo pa 1991 anaturutsa cimbale cace coyamba, 2Pacalypse Now. Nyimbo zace zinali kunena za umphawi, nkhanza za apolisi ndi mabvuto a atsikana osiyidwa okha. Caka cotsatira anasewera m'kanema wochedwa Juice, ndipo mbiri yace inafala ponseponse.

Koma kuchuka kunadza pamodzi ndi ndeu ndi mirandu. Mu November 1994 acifwamba anamuombera ndi mfuti ku New York, koma anacira. Kumayambiriro a 1995 anaikidwa m'ndende pa mlandu wa kucitira mkazi wina zoipa. Ali m'ndende momwemo, cimbale cace Me Against the World cinagulidwa koposa zimbale zonse m'Amereka pa sabata lace loyamba. M'menemo munali nyimbo ya Dear Mama, yothokoza mai wace amene anamlera mobvutika.

Mu October 1995 Suge Knight, mwini kampani ya Death Row, anamturutsa pa cikole. Tsono panabuka udani woopsa pakati pa oimba a kum'mawa ndi a kumadzulo kwa dzikolo. Tupac anadana ndi Notorious B.I.G., amene kale anali bwenzi lace, namnyoza poyera m'nyimbo.

Usiku wa pa 7 September 1996, atacoka koonerera nkhonya za Mike Tyson ku Las Vegas, anaomberedwa ali m'galimoto. Anamwalira pa 13 September, ali ndi zaka 25 zokha. Patapita miyezi isanu ndi umodzi, B.I.G. nayenso anaphedwa ndi mfuti ku Los Angeles.

M'caka ca 2017 dzina la Tupac linalembedwa mu Rock and Roll Hall of Fame, pamodzi ndi maina a oimba omveka. Luso lace linamcotsa mu umphawi, koma silinathe kumchinjiriza ku mkwiyo ndi mabwenzi oipa. Mwana amene ali ndi mphatso aisamale, ndipo asankhe bwino anthu oyenda nao.